Batani la Kumanja

Kompyuta ya kutchalitchi kwathu ndinaiphunzira ngati mmene munthu amalozera mnzake njira ya ku msika: ukadutsa mashopu awiri ukhote, nyumba yachitatu ndi yomweyo. Anandiphunzitsa motero ndi ba Gideon, amene anali kuonetsa mawu a nyimbo pakhoma kwa zaka zinayi asanapeze ntchito ku Mazabuka. Anali ndi masabata awiri okha oti andiphunzitse, ndipo anaona msanga kuti Chizungu cha m'kompyuta chikunditaya. Sukulu ndinalekera mu giredi naini, Jasmine ali m'mimba. Kuwerenga ndimawerenga, koma mawu a mmenemo ungawawerenge katatu osakuuza kanthu.

"Osavutika na vizungu, amake Jasmine," anatero ba Gideon. "Uzipenda chabe. Wanu, thuu, fili."

Ndiye ndinalemba m'kope langa. Batani la pakona, pansi kumanzere. Chachitatu kuchokera pansi. Chithunzi cha sikirini. Kabokosi kachiwiri, sankha chapansi penipeni. Ukatero, zimene zili pa kompyuta zimaonekanso pakhoma. Pansi pake ndinalemba lamulo limene anandibwerezera kangapo: zikasokonezeka n'kubwera bokosi lowerenga manambala chobwerera, dinya batani la kumanja, zonse zibwerera mwakale.

Ba Mai Busa sanafune kwenikweni kuti ndikhale ine. Panali Deborah wa ku Estates, woimba kutsogolo, amene ali ndi satifiketi ya kompyuta ya miyezi isanu ndi umodzi. Koma ba Gideon anandinenera, ndipo Amai anati andiyesa ma Sondo anayi. Ndikalephera ngakhale kamodzi, tebulo la kompyuta lipita kwa Deborah. Ine kunyumba kompyuta kulibe, ndipo palibe wina angandilole kukhudza yake. Wa patebulo ameneyu amaloledwa kukhalapo ola limodzi pa Chitatu, akatha kusesa, ndipo ola limenelo ndi limene ndinali kuphunzirira kutaipa. M'tauni muli timashopu tolemba makalata ndi kufotokopa, ndipo amafuna munthu wa zala zachangu, safunsa za giredi.

Ma Sondo atatu anapita bwino. Iyi inali yachinayi.

Ndinachoka ku Nangongwe m'mawa, Jasmine kumsana, ndipo hafu seveni ndinali pakhomo la tchalitchi. Ba Chimuka, mkulu wa maasha olandira anthu pakhomo, anali atatsegula kale, akufola mipando ya pulasitiki.

"Sisita Tine, lelo muzamvela bwino," anatero. "Ba Bright anabwela zulo, aikamo vanyowani mu kompyuta. Ati manje izayamba kuthamanga monga ndeke."

Ba Bright ndi m'bale wa mumpingo amene amagwira ntchito ya makompyuta ku Lusaka. Ndinangoti zikomo. Ndinayatsa pulojekita, n'kuika katoni patsogolo pa diso lake monga mwa masiku onse, kuti anthu asaone zimene ndikuchita ndisanakonzeke. Kenako ndinayatsa kompyuta.

Inayakadi msanga. Koma sinali kompyuta yathu.

Mzere umene unkakhala pansi unali utakwera pamwamba, wochepa ngati ulusi. Kumanzere kunali tizithunzi totsika m'munsi, topanda mayina. Ndinayang'ana kumbuyo kwa tebulo kuti mwina asintha bokosi lonse, koma linali lomwe lija, lokhala ndi sitika yong'ambika ya msonkhano wa achinyamata. Fayilo ya nyimbo inalipo pakati pa sikirini, imeneyo yokha ndinaizindikira.

Ndinatsegula kope. Batani la pakona, pansi kumanzere. Pakonapo panali timadontho tisanu ndi tinayi. Ndinadinya, sikirini yonse n'kudzaza tizithunzi m'mizeremizere, ngati tomato patebulo la pamsika. Chachitatu kuchokera pansi, pansi pake pati? Mzere uliwonse unali ndi pansi pake. Ndinasankha mzere woyamba, kunatuluka kakyuleta. Ndinasankha wachiwiri, kunatuluka mapu a dziko lonse.

Ndinaimbira ba Gideon, foni yawo inali yozima. Ndinapempha ba Chimuka nambala ya ba Bright. Inalira mpaka inadziduka yokha.

"Ali ku Lusaka, ali pa shifiti," anatero ba Chimuka. "Vavuta?"

"Awe, nikali kuona chabe."

Pamapeto pake ndinaona kachithunzi ka gudumu la mano. Limenelo ndinalikumbuka, linalipo ndi kale, ndi khomo la masetingi. Nditatsegula, mtima unakhala pansi pang'ono, koma osati nthawi yaitali. Kale munkakhala zithunzi khumi ndi ziwiri, zazikulu, zonse zooneka pamodzi. Apa panali mndandanda wautali kumanzere, ukautsitsa ukupitirirabe. Ndinayamba kuwerenga mayina, poti kupenda kunali kutakanika. Lina linali la maonekedwe. Lina la masikirini. Lina la chithunzi cha kumbuyo. Lina la kugawana. Ine ndinafuna kuti khoma lione zimene kompyuta ikuona. Kodi kumeneko ndi maonekedwe, kapena ndi kugawana? Ndinalowa mwa kugawana, ndinapezamo dzina la kompyuta ndi timabatani totsetsereka titatu, palibe cha khoma. Ndinalowa mwa maonekedwe, akundifunsa ngati ndifuna zoyera kapena zakuda. Ndani anakuuzani kuti ndabwera kudzasankha penti?

Muvi wobwerera kumbuyo nawo unali kusamuka. Pena uli pamwamba kumanzere, pena palibe, uyenera kudinya dzina lina kuti utuluke. Kawiri konse ndinatseka zonse mosafuna n'kuyambiranso pa timadontho tija.

Oimba anayamba kufika. Wa kiyibodi anali kuyesa mawaya, sipika ikulira. Deborah anadutsa ndi nsapato zake zogogoda, n'kundikwezera dzanja ali patali. Inali kota pasiti eyiti.

Ndinalowa mwa masikirini. Mmenemo ndinapuma, chifukwa munali chithunzi cha sikirini pamwamba ndi timabokosi pansi pake, pafupifupi ngati kale. Kabokosi kachiwiri, sankha chapansi penipeni. Pambali pa kabokosiko panalembedwa liwu lalitali, oriyenteshoni, limene sindinalimvepo ngakhale kusukulu. Koma kale lomwe sindinkadziwa zimene zinalembedwa pamenepo, ndipo zinkagwira. Ndinatsegula, munali zosankha zinayi. Ndinasankha chapansi. Pamwamba panatuluka batani lobiriwira, ndinalidinya.

Sikirini inathima, n'kuyakanso.

Zonse zinali chadodolido. Mzere wa pamwamba uja unali pansi, mawu onse miyendo m'mwamba. Pakati panali bokosi, manambala akutsika, nawonso ozondoka. Ndinapendeketsa mutu. Fifitini. Fotini.

Apa sindinachite mantha, chifukwa ichi ndinachidziwa. Batani la kumanja. Ndinakankhira mausi kumanja, kamuvi n'kuthawira kumanzere. Ndinakankhira m'mwamba, kakutsika. Ndinaima kaye, ndinakayesanso, kakuchita zomwezo, ngati mbuzi imene ukuikokera kuchigayo. Naini. Eyiti. Jasmine anadzuka n'kuyamba kundikoka tsitsi. Ndinati chabwino, ngati ufuna zosemphana tichita zosemphana. Ndinakankhira dzanja kumanzere pang'onopang'ono, kamuvi kakuyenda kumanja, kanapitirira, ndinakabweza. Folo. Fili. Kanafika pa batani la kumanja patatsala thuu, ndipo ndinadinya mwamphamvu mpaka tebulo linagwedezeka.

Bokosi linachoka. Ndinadikira kuti zibwerere.

Sizinabwerere.

Ndinakhala ndikuyang'ana, kope lili pamwendo. Ndinachita zonse zimene zinalembedwa. Ndinawerenganso lamulo lija, chala chili pansi pa mawu. La kumanja. Ndinayang'ana dzanja langa lodyera nshima kuti nditsimikize. Ndi pamene zinandifika, pang'onopang'ono, ngati madzi a pampopi wa kwathu. Munthu akaima chamutu, dzanja lake lamanja limapezeka mbali ina. Batani limene ndinalithamangira lija linali la kumanzere, longotembenuka pamodzi ndi zonse. Ndinali nditauza kompyuta ndi mphamvu zanga zonse kuti zimenezi ndazikonda, izisunge.

Ba Chimuka anafika kumbuyo kwanga. Anayang'ana sikirini, n'kupendeketsa mutu mbali iyi, kenako mbali inayo.

"Ndiye vanyowani vamene ivi?"

"Awe ba Chimuka, nine nachita."

"Mwachita bwanji?"

"Siniziba."

"Zimyani muyashe futi. Foni yanga nimachita so."

Ndinazima, ndinayatsa. Inayaka msanga ngati ndeke, chadodolido. Masetingi aja anali atatsekeka, ndipo kuti ndibwerere ndinayenera kudutsanso njira yonse ija, timadontho, gudumu, mndandanda, ndili ndi kamuvi koyenda chosemphana ndi mawu oti uwerenge utapinda khosi. Ndinayesa. Ndinatsegula mapu a dziko, Zambia ali kumwamba kwa Tanzania.

Mwina khoma lili bwino, ndinaganiza. Ndinasuntha katoni pang'ono. Kuwala kunagwa pakhoma la kutsogolo, ndipo zonse za pa kompyuta zinali pamenepo, zazikulu, zozondoka. Ana a Sande sukulu amene anali atakhala kale kutsogolo anaseka, wina n'kuwerama kuyang'anira pakati pa miyendo yake. Ndinabweza katoni msanga. Koma china chinandibaya. Khoma linali kuonetsa kale. Kompyuta yatsopanoyi inali kudzitumizira yokha zithunzi ku pulojekita kuyambira pamene ndinaiyatsa, popanda kuuzidwa. Ndikanangochotsa katoni hafu seveni n'kutsegula nyimbo, bwenzi ndili kuyamwitsa mwana wanga mwamtendere.

Ba Mai Busa analowa twente thu naini, atavala suti yawo yofiirira. Sadutsa patebulo langa osaima.

"Tinenenji, vonse vili bwino?"

Ndinali nditaimirira kutsogolo kwa sikirini. "Nipaseniko ma minetsi teni, Amai."

Anandiyang'ana, anayang'ana katoni. "Lelo tili na alendo ochoka ku Shimabala. Nyimbo zathu sazaziziba. Bazafuna kubelenga."

"Bazabelenga, Amai."

Atapita ndinakhala pansi. Za m'kati mwa bokosilo sindizidziwa, ndinavomera. Koma za kunja kwake zili ndi pogwira. Ndinanyamula sikirini ndi manja awiri, n'kuitembenuza, mwendo wake kuloza kudenga. Ndinaitsamiritsa kukhoma, chikwama cha matewera n'kuchiika kutsogolo kuti isatsetsereke. Mawu anaima bwino. Ndinagwira mausi, kumanja kunali kumanja.

Pamenepo ndikanatha kubwerera mu masetingi. Ndinafika mpaka pa gudumu lija, dzanja n'kuima. M'kabokosi muja munali zosankha zinayi, ndipo sindinayang'ane kuti poyamba panali chiti. Mwa zitatu zotsalazo, ziwiri zikanandipatsa vuto limene sindinalione n'komwe. Ndinatseka. Ndinatsegula fayilo ya nyimbo, inatseguka bwinobwino.

"Ba Chimuka, gwilani mwana."

Ndinamasula Jasmine n'kuwapatsa, iwo anamulandira ngati alandira mbale yotentha. Ndinanyamula pulojekita n'kuigoneka chagada. Nditachotsa katoni, mawu anali oima bwino, koma sanali pakhoma. Pulojekita imaponya kuwala m'mwamba, ndiye itagona chagada inali kuponya pansi. Vesi loyamba linali pamisana ya mipando ndi pa duku la mayi wina wa mzere wachitatu. Ndiponso mabatani ake, amene amakhala pamsana, tsopano anali pansi, ndipo kulemera kwake kunadinya limodzi, pamipando pomwepo n'kutuluka menyu inanso, ya pulojekita yokha, imene sindinadziwe kuti ilipo. Ndinainyamula msanga, ndinadinya batani lomwelo, mwamwayi inachoka.

Inafunika kukwera, ndipo inafunika pokhala posakhudza mabatani. Ndinatenga chitenge chimene ndinamasula kumsana, n'kuchipota nkhata ngati ya ndowa. Kenako ndinayamba kutola mipando ya mzere wakumbuyo.

"Sisita Tine! Iyo mipando napenda!" anatero ba Chimuka, Jasmine akuwakoka tayi.

"Bana bazankala pa mpasa."

Ndinasanja mipando isanu ndi umodzi pamwamba pa tebulo, ndinakwera pa wina, n'kuika nkhata, pulojekita pamwamba pake chagada, mabatani ali m'dzenje la nkhata. Mawu anafika pakati pa khoma, mzere wapansi ukudulidwa ndi mitu ya oimba. Ndinatsika, ndinatenga ina inayi. Ndinapinda katoni kaja n'kukalowetsa kutsogolo kuti diso lidzuke pang'ono. Waya unangokwana ndendende, wokokeka ngati chingwe choyanikira.

Naini koloko wa kiyibodi anayamba, ndipo mawu anali pakhoma, oima, opendekera pang'ono kumanzere.

Mapemphero onse sindinaimbe. Diso limodzi linali pakhoma, lina pa nsanja ya mipando, imene inali kugwedezeka anthu akayamba kuvina. Pa nyimbo yachitatu ndinaigwira ndi dzanja lamanzere, lamanja likusintha mavesi, Jasmine ali pamwendo. Alendo a ku Shimabala anaimba nafe. Mmodzi anali kutembenuka kawirikawiri kuyang'ana nsanjayo, kenako n'kukodola mnzake.

Anthu atatuluka, ba Mai Busa anabwera, Deborah ali pambuyo pawo. Anayang'ana mipando, pulojekita yogona chagada, sikirini ya mwendo m'mwamba.

"Ichi n'chani, Tinenenji?"

Ndinawauza zonse, sindinabise. Deborah anaseka mpaka anagwira tebulo.

"Iwe Tine! Ni oriyenteshoni chabe iyi. Sembe unasiya chabe, ikasiliza kupenda imabwelela yeka."

"Yeka?"

"Yeka. Futi ni vintu va ma sekondi. Amai, lekani nikonze."

Anakhala pampando wanga. Sanadutse njira yanga ija. Analemba liwu penapake pamwamba, pamalo pamene ine sindinadziwe kuti pamalembeka, ndipo kabokosi kaja kanatulukira pomwepo. Anasankha chapamwamba, anadinya lobiriwira.

Sikirini inathima, n'kuyaka. Zonse chadodolido, pa sikirini ndi pakhoma pomwe.

"Deborah! Waononga!" anatero Amai.

"Awe Amai, manje ndiye vili bwino. Ni sikilini yamene ili mutu pansi."

"Ine niona mau ali mutu pansi."

"Ee, chifukwa Tine anapindamula..."

Anali kulankhula uku akulimbana ndi mausi. Kamuvi kanali kumuthawa monga kanandithawira ine. Anakafikitsa pa batani lina, anaima, anapendeketsa mutu kuti awerenge, anasuntha, kanathawira kukona. Manambala anatha. Sikirini inathima, ndipo poyaka zonse zinali zoima bwino, mwa njira yanga ija.

"Ehe, manje wakonza," anatero Amai.

"Awe Amai, manje ndiye yabwelela ku volakwika."

Ba Chimuka, amene anali kudikira mipando yawo, anati, "Nanga volakwika ni viti, ivi vooneka bwino?"

Deborah anayesanso. Pakhoma panazondokanso, Amai anagwira pachifuwa, manambala anatsika, ndipo ulendo uno Deborah anasiya mausi n'kuyamba kunyamula sikirini kuti aitembenuze. Waya wa kumbuyo unakoka wa pulojekita, nsanja yonse inawerama. Ine ndi ba Chimuka tinaigwira pamodzi. Pamene tinaiimika, kompyuta inali itabwerera kale.

"Basi! Chokaniko nonse, muzanipwanyila pulojekita," anatero Amai.

Deborah ankanena zoona, ndipo ine ndinadziwa kuti akunena zoona. Kungotsitsa zonse kaye, n'kusintha pambuyo, bwenzi zatha. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma Amai anali atakweza kale dzanja. Alendo anali kuwadikira kunyumba ndi chakudya.

"Ine va mukati siniviziba," anatero. "Nimaona chabe vamene vili pa chipupa. Lelo pa chipupa penze mau, alendo baimba. Tinenenji, tebulo ni yako. Koma iyi nyumba ya mipando sinifuna kuionanso. Pa Sondo mipando ya ba Chimuka ikwane, pulojekita inkale monga pulojekita ya bantu. Wamvela?"

"Namvela, Amai. Zikomo."

"Na ba Bright muwauze, asaziika vintu pa Chiwelu osauza muntu."

Anatuluka. Deborah anali kupukuta fumbi pa siketi yake, osandiyang'ana. Ndinatsitsa pulojekita, ndinamasula nkhata, n'kuberekanso mwana. Ba Chimuka anatenga mipando yawo akuipenda mokweza.

"Deborah, paja unalemba liu, ni pati?" ndinafunsa.

"Pamwamba."

"Pamwamba pake pati? Ikankala so, olo ikankala bwino?"

Anayang'ana sikirini, imene inali idakali mwendo m'mwamba. Anatambasula chala, anachibweza.

"Nizakulangiza pa Chitatu," anatero. "Ngati nizankala na ntawi."